Vitz yanga ikuboyila pa jam, koma msewu wa ku Salima imayenda bwinobwino

NaChisale_A25
Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama pachabe. Ndili ndi Vitz ya 2008, ya injini ya 1KR, ya masilinda atatu ija. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala kuno, ndikangolowa mu jam ya madzulo, kuchokera ku Old Town kuwoloka mlatho wa Lilongwe kulowera ku Crossroads, kagetsi kofiira ka kutentha kamayamba kuphethira. Ndikadutsa pa Area 18 msewu n'kutseguka, kamazima kokha. Loweruka ndinapita ku Salima ndi ana, kupita ndi kubwera komwe sikanayake. Makaniko wina akuti gasiketi ya hedi yapsa, atsegule hediyo, chigawo cha pamwamba cha injini. Wina akuti rediyeta yatsekeka, ndigule yatsopano. Onse awiri sanayese kalikonse, anangotsegula boneti n'kuyang'ana. Galimoto imeneyi ndi yomwe ndimaperekera ana kusukulu. Ndimvere uti?

WaMagetsi_Biwi
Musamvere aliyense kaye, mayi. Fani ikuzungulira?

NaChisale_A25
Sindinayang'anepo. Ndingadziwe bwanji?

DalaivalaHiace
Nkhani yaing'ono iyi. Chotsani thermostat basi, kavalavu kaja kotsekera madzi a ku rediyeta injini ikakhala yozizira. Zinthu zimenezo anapangira ku Japan kumene kumagwa chipale, kuno n'zosafunika. Ife pa minibasi ndi chinthu choyamba kuchotsa galimoto ikangofika kuchokera ku Dar.

MadalaSipana
Mwana wanga NaChisale, yankho mwalinena kale nokha m'funso lanulo, kungoti amakaniko anuwo sanamvetsere. Tiyeni tione bwinobwino.

Madzi amazungulira mu injini n'kutenga kutentha, kenako amapita mu rediyeta kukazizira. Koma rediyeta payokha siiziziritsa kanthu. Chimaziziritsa ndi mphepo yodutsa m'timipata take tija, monga mmene timauzirira phala la mwana kuti lipole msanga. Pa msewu wa ku Salima mukuthamanga 80 kapena 100, mphepo ikulowa yokha kutsogolo, yambiri kuposa imene fani ingakoke. Pa mlatho wa Lilongwe 5 koloko madzulo mwaima, kutsogolo kwanu kuli lole ikukupumirani utsi wotentha, phula nalonso latentha tsiku lonse. Pamenepo mphepo yokhayo imene rediyeta ikupeza ndi ya fani. Fani ikagona, madzi amangotenthera mtsogolo mpaka kagetsi kayake.

Tsopano ganizirani za rediyeta yotsekeka. Injini imatulutsa kutentha kwambiri pamene ikugwira ntchito yolemetsa, pothamanga kapena pokwera phiri. Pobwerera kuchokera ku Salima mumachoka kunyanja, kotsika, kukwera zitunda zonse zija mpaka kufika ku Lilongwe, galimoto itadzaza ana ndi katundu. Rediyeta yanu ikanakhala yotsekeka, kagetsi kakanayakira pamenepo. Sikanayake. Chimodzimodzi gasiketi: yopsa imaonetsa ukali wake pamene mwaponda mafuta kwambiri. Sindikulumbira kuti gasiketi ili bwino, chifukwa kuboyila kobwerezabwereza kumatha kuipsereza, koma si poyambira pake. Munthu amene akufuna kutsegula hedi asanayese fani musamupatse makiyi.

Chembe_BT
Madala akunena zoona. Yanga inali yosiyana ndi ya mayiwa. Corolla yanga mu Chipembere Highway, ngakhale jam ya pa Ginnery Corner itavuta bwanji, geji inkakhala pakati. Koma ndikamachokera ku Chikwawa, kungoyamba kukwera pa Thabwa, muvi unkanyamuka. Titaitsegula rediyeta, timachubu tambiri tinali titatsekeka ndi dzimbiri. Ndiye matenda awiriwa amasiyana poonekera pake.

NaChisale_A25
Zikomo madala, ndamva bwino. Ndiwonjezere china, kaya chikugwirizana. AC nayonso yasintha. Ndikamayenda imazizira, ndikaima pa jam imayamba kutulutsa mpweya wofunda. Ndimaganiza kuti gasi watha.

WaMagetsi_Biwi
Ndi umboni wachiwiri umenewo. Gasi sanathe. Kutsogolo kwa rediyeta kuli chinthu china chofanana nayo, condenser ya AC, ndipo zonse ziwiri zimadalira fani imodzimodziyo. Fani ikafa, AC imasiya kuzizira mukaima.

Mawa m'mawa chitani izi, sizifuna sipana. Imikani galimoto pabwalo, handbrake mmwamba, giya pa P. Tsegulani boneti, lizani injini, yatsani AC. Fani ili kuseri kwa rediyeta, mbali ya ku injini, m'chikombole chakuda cha pulasitiki. AC ikangogwira, fani iyenera kuyamba pasanapite nthawi. Kenako zimitsani AC muisiye injini ilire yokha mpaka itenthe. Madzi akafika pakati pa 95 ndi 100 digiri, kompyuta ya galimoto imailamula fani kuti iyambe, ikaziziritsa n'kusiyanso. Ikapanda kuyamba kagetsi kofiira n'kuphethira, zimitsani msanga, mwapeza.

Manja, chitenje, mpango, zonse kutali. Fani yamagetsi imadzuka osachenjeza.

Ikakhala kuti siikuzungulira, olakwa ndi awa: fyuzi, relay, waya kapena pulagi yowola, sensa ya kutentha, kapena mota ya faniyo. Fyuzi ndi relay zili m'kabokosi kakuda pafupi ndi batire, ndipo kunsi kwa chivundikiro chake kuli chithunzi chosonyeza kuti iyi ndi ya chiyani. Timayamba ndi zotchipazo.

DalaivalaHiace
Zonsezi n'zabwino, koma thermostat ichoke. Madzi aziyenda momasuka. Zaka zonsezi ndikuyendetsa Mchesi, Kawale, Area 23, sindinaonepo galimoto yopanda thermostat ikuboyila.

MadalaSipana
@DalaivalaHiace ine ndaziona, ndipo zambiri. Achimwene, thermostat siidziwa kuti ili ku Japan kapena ku Nsanje. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha koyenera. Za Toyota zambiri zimayamba kutseguka pa 82 digiri, nambala imeneyi imalembedwa pa chitsulo chake chomwe. Madzi akafika 95 imakhala itatseguka yonse. Ndiye pa jam, injini itatentha kale, thermostat yabwino siikutchinga kanthu. Mukaichotsa fani ili yakufa, galimoto iboyilabe, mwangochedwetsa ndi mphindi zochepa.

Palinso china chimene anyamata ambiri sadziwa. M'mainjini ambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri kumunsi. Ikamatseguka kulola madzi a mu rediyeta, kambale kaja kamatseka njira yachidule imene madzi amazungulira nayo mkati mwa injini ikakhala yozizira. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotseguka nthawi zonse, madzi ena otentha n'kumabwerera mu injini osadutsa mu rediyeta. Munthu amaganiza kuti wathandiza, chonsecho waonjezera vuto.

Thermostat imafa, inde. Ikamatirira yotseka, galimoto imaboyila paliponse, pa jam ndi pa msewu womwe, ndipo payipi ya kumunsi kwa rediyeta imakhala yozizira pamene injini ikuwira. Yotero timasintha ndi ina, sitisiya pachibowo.

Aphunzitsi_Dedza
Ndiikire umboni. Ndinagula Probox kwa munthu amene anali atachotsa thermostat. Kuno ku Dedza mu June ndi July, kagetsi kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira kankazima n'kuyakanso ndikamatsetsereka kulowera ku Linthipe. Mafuta inkamwa modabwitsa, chifukwa kompyuta ikaona kuti injini ndi yozizira imathira petulo wambiri. Titabwezeretsa thermostat zinasintha sabata yomweyo. Ndi mmene mafuta akuvutiramu, sindingalangize munthu kuchotsa.

DalaivalaHiace
Ku Dedza n'kozizira, aphunzitsi. Bwerani mudzaime pa depoti masana mu Novembala.

MadalaSipana
Hiace yanu ya dizilo ili ndi fani yoyendera lamba, ya clutch ya mafuta pakati. Imazungulira nthawi zonse injini ikamalira, n'chifukwa chake simukuona vuto. Tsiku limene clutch imeneyo idzafooke, mudzaboyila pa depoti pomwepo, thermostat ilipo kapena palibe. Muziyesa: injini itatentha n'kuizimitsa, kankhani faniyo ndi dzanja. Ikazungulira mopepuka kangapo osalimba, yatha.

Namwino_Zomba
Pepani ndilowererepo, za injini sindidziwa koma zotsatira zake ndimaziona kuntchito. Chonde, chonde, galimoto ikaboyila musatsegule chivundikiro cha rediyeta. Anthu amabwera nkhope, khosi ndi dzanja zitasupuka, ambiri ndi makondakitala ndi anyamata ongofuna kuthandiza pamsewu. Nsanza siiteteza. Dikirani mpaka payipi ya pamwamba izizire moti n'kuigwira ndi kuifinya. Ngati wina wapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, kenako kuchipatala. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, kapena oyilo. Zimenezo zimatipatsa ntchito yovuta potsuka bala, ndipo wodwala amamva ululu kawiri.

NaChisale_A25
Zikomo anamwino. Tsiku lina mnyamata wina pa Crossroads anafuna kutsegula kuti athiremo madzi, ndinamukaniza chifukwa cha mantha chabe.

Tate_wa_Mphatso
Koma abale jam ya mu Lilongwe yafika pena. Kale kuchoka ku Old Town kufika ku Kanengo inali nkhani ya mphindi zochepa. Pano magalimoto achuluka, aliyense ali ndi ka Mira kapena ka Passo, kuwonjezera njinga zamoto za kabaza zolowa paliponse.

Kabaza_Wolemekezeka
Akulu, a kabaza tisatilowetsemo. Ife ndi amene timanyamula amakaniko kuwapititsa kumene magalimoto anu afera.

Tate_wa_Mphatso
Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Ndimangonena kuchuluka. Interchange ya pa Area 18 inathandiza mbali yake, koma pa mlatho paja magalimoto ambiri a mbali ziwiri za mtsinje amakumanabe pamodzi.

MayiWaGolosale
Ine yanga inaboyilira pa mzere wa mafuta. Maola ambiri injini ikulira chifukwa ndinkafuna AC, mwana anali atagona kumbuyo. Pano ndimazimitsa, ndimatsegula mawindo.

Admin_Gulu
Tibwerere ku Vitz ya mayi NaChisale, abale. Za misewu zili ndi ulusi wake.

Injiniya_Kanengo
Funso limene palibe wafunsa: mu rediyetamo muli chiyani? Coolant, madzi amankhwala oziziritsa injini aja, kapena madzi wamba? Ndipo akuchepa?

NaChisale_A25
Itabwera inali ndi madzi apinki. Payipi ina itadontha chaka chatha, makaniko anathira a pampopi, ndipo kuyambira pamenepo ndimangowonjezera a pampopi. Kumudzi ndinathirapo a pamjigo. Masiku ano ndikaboyila amachepa pang'ono, kabotolo ka pambali kaja kamasefukira.

Injiniya_Kanengo
Apa pali nkhani yachiwiri, ngakhale fani itapezeka kuti ndiyo yolakwa. Timaphunzira kusukulu kuti madzi amawira pa 100 digiri, koma zimenezo ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo kuno madzi amawira pa 96 kapena 97. Onani tsono: fani imadikira kuti madzi afike cha m'ma 95 kuti iyambe. Mpata wake ndi wochepa kwambiri.

Chimene chimapulumutsa injini ndi chivundikiro cha rediyeta. Si chotsekera wamba. Chili ndi sipuling'i ndi labala zosunga mphamvu ya mpweya mkati, ndipo pamwamba pake pamalembedwa nambala ya mphamvuyo, 0.9 kapena 1.1. Chikakhala chabwino, madzi sawira mpaka pafupifupi 120 digiri. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga n'kuthawira m'kabotolo kaja, kenako pansi. Mawa lake muli ndi madzi ochepa, ndiye kuboyila kumabwera mofulumirirapo. Chivundikiro ndi chotchipa. Gulani cha nambala yofanana ndi chakalecho.

Za madzi a pamjigo: ali ndi mchere umene umauma n'kukhala zoyera m'timachubu ta rediyeta. Komanso madzi wamba alibe mankhwala oletsa dzimbiri. Injini ya 1KR ndi ya aluminiyamu, ndipo madzi opanda coolant amaidya pang'onopang'ono, pamodzi ndi mapeni a water pump. Apinki amene anabwera nawo aja ndi coolant ya Toyota yosakaniza kale theka ndi theka, siifuna kuthiramo madzi. Mukagula yofunika kusungunula, sakanizani ndi distilled water, osati a pampopi. Ndipo chenjerani ndi zamabotolo zotchipa zimene ndi madzi ongothira utoto.

Mjoni_wa_ku_Mzimba
Za kutalika kwa malo ndi zoona. Kuno ku Johannesburg tili pamwamba kuposa Lilongwe, mamita oposa 1,700, madzi amawira cha pa 94. Jam ya pa N1 m'mawa imagwetsa magalimoto ambiri a chivundikiro chofooka. Kunonso m'nyengo yozizira kumachita chisanu choumitsa madzi, ndiye coolant sitiseweretsa.

DalaivalaHiace
Coolant ndi ndalama, bwana. Minibasi imadontha tsiku ndi tsiku, ndingathire coolant wa ndalama zingati?

Injiniya_Kanengo
Ndiye konzani podonthapo, achimwene. Mtengo wa payipi ndi clamp muuyerekeze ndi wa kusikima hedi (kuisalaza pa makina ikapindika) ndi masiku amene minibasi idzakhale pa garaja osagwira ntchito.

Chembe_BT
Mayi, poti mwanena kuti madzi akuchepa, gasiketi muiyesenso kuti mtima ukhale pansi. M'mawa injini isanalire: tsegulani potsekera oyilo ndi kusolola dipstick. Oyilo akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, madzi akulowa. Tsegulani chivundikiro cha rediyeta injini ili yozizira, dzazani madzi, lizani. Mukaona thovu likutuluka mosalekeza, kapena madzi akudumpha mukangoliza, mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Onaninso ku ekizozi: nthunzi pang'ono m'mawa ndi yabwinobwino, koma utsi woyera wochuluka wosatha injini itatentha ndi chizindikiro choipa. Magaraja ena ali ndi kachipangizo koika pakamwa pa rediyeta, kali ndi mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu ngati gasiketi yapsa. Makaniko wanu uja akanayamba ndi zimenezi.

MadalaSipana
Chembe wanena bwino. Ndiwonjezere za pamsewu, poti mawa mukhoza kukumananso ndi jam musanakonze. Kagetsi kakayamba kuphethira, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto, fani ya mkati pa liwiro lonse, mawindo otsegula. Hita ndi karediyeta kakang'ono kobisika mkati mwa dashboard, kamachotsako kutentha kwa injini. Mudzatuluka thukuta koma injini ipumako. Kakapanda kuzima, patukani pomwepo muzimitse, ngakhale a kumbuyo aimbe mahutala. Vitz ilibe geji yoti muone muvi ukukwera pang'onopang'ono. Pamene kofiira kayaka, zinthu zafika kale patali. Ndipo musathire madzi ozizira pa injini yotentha, kaya pamwamba kaya mkati. Hedi ya aluminiyamu imapindika.

NaChisale_A25
Ndabwera ndi lipoti. Oyilo ali bwino, palibe za mkaka. Thovu palibe, utsi woyera palibe. Ndayatsa AC, fani zii, osagwedezeka. Ndaisiya injini kulira mpaka kagetsi kaphethira, fani osayamba. Mlamu wanga anagogoda pa mota ya faniyo ndi chigwiriro cha screwdriver, ndipo inayamba kuzungulira, koma mwaulesi, kenako n'kuimanso. Labala wa chivundikiro nayenso ndi wong'aluka.

WaMagetsi_Biwi
Basi, mota yatha. Mkati mwake muli timakala tiwiri kapena tinayi, ma brush, timene timakhudza pozungulira. Tikaperepeseka, magetsi amafika koma sadutsa, ndiye mukagogoda timakhudzako pang'ono. Poti yazungulira mutagogoda, ndiye kuti fyuzi, relay ndi sensa zikugwira ntchito. Njira ndi ziwiri: kusintha ma brush ngati mkati simunapse, kapena kugula fani ina. Ya galimoto yophwasula yochokera ku Japan imakhala yolimba kuposa zatsopano zina zotchipa. Muiyese pa batire musanalipire.

DalaivalaHiace
Mukaika inayo, auzeni alumikize direct. Kiyi ikangotembenuka fani iziyamba. Simudzaboyilanso.

WaMagetsi_Biwi
Ayi akulu. Direct ndi yothawira pangozi, munthu ali kutali ndi garaja ndipo relay yafa. Mukaisiya choncho, mota imene inapangidwa kuti izipuma imagwira ntchito ulendo wonse, ma brush n'kutha msanga, mwabwerera pomwe munali. Batire ndi alternator nazo zimalemedwa. Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri amalumikiza popanda fyuzi, ndi waya wowonda wa m'nyumba. Ndazimitsapo moto mu boneti chifukwa cha zimenezi. Dongosolo la galimotoyi lili bwino, chafa ndi mota yokha.

MayiWaGolosale
Ndiye makaniko wa gasiketi uja akanatsegula injini yabwinobwino? Zimandiwawa. Akaona kuti ndi mzimayi amangotchula chodula.

Tate_wa_Mphatso
Si amayi okha, ifenso amatitero. Koma enanso si kuba, n'kusadziwa. Anaphunzira kumasula ndi kumanga, kuyeza sanaphunzire.

MadalaSipana
Pali anyamata aluso ambiri ku Biwi ndi ku Ndirande, tisawanyoze onse. Chizindikiro cha wabwino n'chakuti amafunsa mafunso asanagwire sipana: imatentha nthawi yanji, pamalo otani, chinasinthidwa n'chiyani posachedwapa. Ndipo amakuonetsani chimene chafa, inu mukuona ndi maso.

NaChisale_A25
Abale, zinthu sizili bwino. Tinagula fani ya galimoto yophwasula, tinaiyesa pa batire, imazungulira mwamphamvu. Aika, chivundikiro chatsopano cha 1.1 ngati chakale chija, athira coolant wapinki. Lero pa jam ya pamlatho kagetsi kayakanso. Fani ikulira ndithu, ndikuimva ndili mkati. Chodabwitsa, panopa ngakhale ndikuyenda pang'onopang'ono cha ku Area 18 sikakuzima msanga ngati kale. Mtima wanga wasweka. Kodi ndi gasiketi ija?

DalaivalaHiace
Ndinanena ine. Thermostat.

Chembe_BT
Mwina mwatsala mpweya m'mapayipi pothira coolant. Zimachitika kawirikawiri. Hita ikutulutsa mpweya wotentha bwinobwino? Ikamatulutsa wozizira injini ili yotentha, muli mpweya.

Injiniya_Kanengo
Kapena water pump. Ndi madzi a pamjigo aja mapeni akhoza kukhala atadyeka, ndiye injini ikamalira pang'onopang'ono madzi sayenda mokwanira. Onaninso lamba amene amaizunguza ngati sali wolefuka.

MadalaSipana
Zonsezo n'zotheka, koma taimani. Mwana wanga, fani imene mwagulayo ndi ya Vitz yeniyeni? Pulagi yake inalowa yokha, kapena anadula mawaya?

NaChisale_A25
Anati ndi ya galimoto ina ya Toyota koma kukula n'kofanana. Pulagi inali yosiyana, ndiye anadula n'kulumikiza mawaya awiriwo ndi tepi.

MadalaSipana
Tengani pepala la m'kope. Galimoto itaima, yatsani AC kuti fani ilire, ikani pepalalo kutsogolo kwa galimoto, pa grille, kunja. Mundiuze ngati likukokedwa kumamatira kapena likukankhidwa kugwa.

NaChisale_A25
Likukankhidwa! Likuuluka kubwera kwa ine, ndipo mphepo yake ndi yotentha.

MadalaSipana
Atembenuza mawaya. Mota ya mtundu umenewu mukasinthanitsa positive ndi negative imazungulira chobwerera. M'malo mokoka mphepo yozizira ya kunja kudutsa mu rediyeta kulowa ku injini, ikutenga mphepo yotentha ya ku injini kuikankhira kutsogolo, ndipo mofooka, chifukwa mapeni ake anapindidwira mbali imodzi. Mukamayenda pang'onopang'ono, mphepo ya pamsewu ikulowa, ya fani ikutuluka, ziwirizo zikulimbana pakati pa rediyeta. N'chifukwa chake kagetsi kakuchedwa kuzima kusiyana ndi pamene fani inali yakufa. Bwererani akasinthanitse mawayawo.

WaMagetsi_Biwi
Madala mwaigwira. Mayi, akamakonza muwauze asangopota mawaya n'kukulunga tepi. Fani imakoka magetsi ambiri, polumikiza polefuka pamatentha n'kusungunuka. Awotcherere ndi solder n'kuvala heat shrink, kapena achotse pulagi ya pa fani yakale aiike pa yatsopanoyo. Aonenso kuti chikombole cha pulasitiki chagona bwino pa rediyeta popanda mpata m'mbali, apo ayi fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo mwa yodutsa mu rediyeta.

Aphunzitsi_Dedza
Poti boneti ndi yotsegula kale, atsukenso pakati pa condenser ndi rediyeta. Pamadzaza fumbi, udzu ndi tizilombo, makamaka kwa ife oyenda m'misewu yafumbi. Madzi a payipi wamba, kuchokera mbali ya ku injini kutulukira kutsogolo. Makina a car wash amphamvu aja amapinda timapepala ta rediyeta.

DalaivalaHiace
Chabwino, pa iyi ndavomera, inali fani. Koma ya Hiace yanga sindibwezera.

MadalaSipana
Bwerani nayo Loweruka tidzayese clutch ya fani yanuyo, za thermostat tidzakambirana muli pompo.

NaChisale_A25
Asinthanitsa mawaya, aika pulagi yakale ija ndi solder. Pepala tsopano likumamatira pa grille. Anachotsanso mpweya monga ananenera a Chembe: galimoto itayang'ana kumtunda, chivundikiro chotsegula injini ili yozizira, hita pa kutentha, mpaka thovu linasiya ndipo fani inayamba n'kusiya yokha. Panalowanso coolant wina pang'ono. Pakati pa condenser ndi rediyeta panatuluka zinyalala zodzaza manja. Madzulo ano ndaima pamlatho nthawi yaitali AC ili yoyaka, kagetsi sikanayake, AC ikuzizira ngakhale nditaima. Thermostat sitinaikhudze. Mulungu akudalitseni madala, a WaMagetsi ndi nonse.

Injiniya_Kanengo
Zosangalatsa. Sabata ino muziona kabotolo ka pambali m'mawa uliwonse injini isanalire, coolant akhale pakati pa LOW ndi FULL. Tsiku loyamba kapena lachiwiri akhoza kutsikako pang'ono pamene mpweya wotsala ukutuluka, mungowonjezera. Akapitiriza kutsika, yang'anani pansi pa water pump, mbali ya lamba. Mukaona zouma zapinki zitamatirira pamenepo, pampu yayamba kudontha.

Mphwanga_Kawale
Pepani akuluakulu, ndawerenga ulusi wonse. Nissan Note yanga imachita chimodzimodzi pa jam, koma fani ikuzungulira ndipo pepala likumamatira. Ndiyambire pati?

WaMagetsi_Biwi
Fani zambiri zili ndi maliwiro awiri, wapang'ono ndi waukulu. Yanu ikhoza kukhala ikungoyenda pa wapang'ono. Pitani kwa amene ali ndi makina a diagnostic, aone kutentha kwa madzi pa sikirini injini ikulira, mumve ngati fani ikusintha mawu kutentha kukamakwera. Mutiuzenso chaka cha galimotoyo ndi nambala imene yalembedwa pa chivundikiro cha rediyeta.